Mkulu wa Banki Amene Adakhulupirira Oimba

Moyo wa malemu Brian Williams ndi phunziro lake kwa ife a kuno

Wolemba Mtolankhani Wathu, Kabudula

Munthu amene afika pa Kabudula, pa Nsaru kapena pa Kasiya m'miyezi ya msika wa fodya amalonjeredwa ndi nyimbo asanatsike n'komwe m'galimoto. Zimalira m'magolosale, m'nyumba zometera ndi m'tinyumba tija anyamata amathiriramo nyimbo m'mafoni. Ndipo madzulo, alimi atalandira ndalama za ku okushoni, phokoso lake limafika mpaka kumidzi ya kutsidya kwa dambo. Pakati pa nyimbo za makwaya ndi za oimba athu, khutu latcheru limamvabe mawu a Jim Reeves, amene mbale zawo za galamafoni zidabwera ndi makolo athu pochokera ku Joni ndi ku Halale, ndiponso a Don Williams ndi a Dolly Parton, amene tidawazolowera pambuyo pake pa wailesi ya MBC. Zambiri mwa nyimbo zimenezi zidajambulidwa mumzinda umodzi, wa Nashville, m'chigawo cha Tennessee ku America.

Lero tifuna kukamba za munthu wina wa mumzinda umenewo, amene dzina lake silimveka pa wailesi, pakuti ntchito yake sidali yoimba. Ameneyu ndi malemu a Brian Williams, ndipo awerengi asawasokoneze ndi a Don Williams oimba aja. Iwo adali mkulu wa ku banki. Wina angafunse kuti, kodi mlimi wa kwa Kabudula ali naye chiyani munthu wa ku banki wa kutsidya kwa nyanja? Yankho lathu ndi ili: chimene a Williams adachitira oimba a ku Nashville n'chomwecho chimene mlimi wa fodya wa kuno adachizolowera kalekale, koma woimba wa kuno sadachilawe. Iwo adaona kuti nyimbo ndi mbewu yobala chaka ndi chaka, ndi kuti mwini wake ayenera kulandiridwa ku banki monga alandiridwira mwini munda.

Kodi adali yani?

A Brian Williams adagwira ntchito ku banki ya Third National ya ku Nashville, imene idalowa m'gulu la SunTrust m'chaka cha 1986. M'chaka cha 1988, akali mnyamata wosakwana zaka 30, adayambitsa m'banki imeneyo nthambi yoona za anthu a nyimbo okhaokha: opeka, oimba, oliza zing'wenyeng'wenye, eni masitudiyo ndi makampani osunga umwini wa nyimbo. Ntchito imeneyi adapita nayo kumene kudali eni ake, m'dera lotchedwa Music Row, la misewu ya 16th ndi 17th Avenue, kumene kuli masitudiyo ndi maofesi a nyimbo. Nthambi ija idakula, ndipo mabanki ena a mumzindamo nawonso adalimbikira kufuna anthu a nyimbo.

Adamwalira m'mwezi wa Julaye 2006 pa ngozi ya pamadzi ku nyanja ya Center Hill, kum'mawa kwa Nashville, ali ndi zaka 45. Pambuyo pake bungwe la Leadership Music, limene limasonkhanitsa atsogoleri a ntchito za nyimbo mumzindamo, lidakhazikitsa mphoto yotchedwa Brian Williams Ambassador Award. Dzina la SunTrust lidatha pamene banki ija idaphatikizana ndi ya BB&T m'chaka cha 2019 n'kukhala Truist; koma dzina la wantchito wake uja lidatsala m'kamwa mwa oimba. N'chosowa ndithu kuti anthu a luso alire munthu wokongoza ndalama monga alirira mnzawo wa pabwalo, ndipo tiyenera kufunsa chimene iye adachita kuti am'lire chotero.

Mzinda wa nyimbo ndi ndalama

Ku Nashville nyimbo ndi malonda zidayendera limodzi kuyambira pachiyambi. Pologalamu yotchuka ya Grand Ole Opry idayamba m'chaka cha 1925 pa wailesi ya WSM, ndipo mwini wailesiyo idali kampani ya inshuwalansi ya National Life and Accident, imene idafuna kuti alimi a kumidzi amve dzina lake. M'chaka cha 1942 a Roy Acuff ndi a Fred Rose adayambitsa kampani yosunga ndi kugulitsa nyimbo zopekedwa. M'zaka za m'ma 1950 a Owen Bradley ndi mbale wawo Harold adatsegula situdiyo pa 16th Avenue, ndipo kampani ya RCA idatsegula yake m'chaka cha 1957, momwe a Jim Reeves adajambuliramo nyimbo zambiri zimene timazidziwa kuno.

Kuwonjeza apo, dziko la America lidali kale ndi mabungwe otolera ndalama za umwini wa nyimbo: ASCAP, imene idayamba mu 1914, SESAC mu 1930 ndi BMI mu 1939. Wailesi, wailesi ya kanema, hotela kapena malo a zisangalalo amene aliza nyimbo amalipira chiphaso ku mabungwe amenewa, ndipo iwo amagawira opeka monga mwa kuchuluka kwa kulira kwa nyimbo zawo. Chotero ndalama zidalipo, ndipo zinkayenda m'ngalande zodziwika.

Komabe wopeka nyimbo akalowa m'banki ankaoneka ngati mlendo. Alibe kalata ya bwana, alibe malipiro a pamwezi. Chaka chino alandira zambiri, chaka chamawa zochepa. Ndipo ndalama za nyimbo imene ikulira lero zimafika m'manja mwake patapita miyezi yambiri. Mkulu wa banki wozolowera kukongoza a masitolo ndi a mafakitale ankafunsa funso limodzi: chikole chako n'chiyani? Woimba akayankha kuti ali ndi nyimbo, nkhani inkathera pomwepo. Akuluakulu athu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo; ndipo kwa a banki nyimbo idali fodya wa pachala.

Woimba wopanda wom'kongoza

Kuti timvetse kulemera kwa ntchito ya a Williams, tione chimene chimam'gwera woimba amene njala yam'pana ndipo alibe kokongola. Iye amagulitsa nyimbo yeniyeniyo, monga mlimi agulitsira mavenda chimanga chili m'munda.

M'chaka cha 1939 a Solomon Linda, Mzulu wogwira ntchito ku Johannesburg, adajambula nyimbo ya Mbube ku kampani ya Gallo, ndipo mbiri imati adalandira masheleni 10. Nyimbo ija idawoloka nyanja, idasinthidwa n'kukhala The Lion Sleeps Tonight mu 1961, ndipo idalowa m'kanema wa The Lion King mu 1994. Mwini wake adamwalira wosauka mu 1962, ndipo padapita zaka 18 chiliza chisanamangidwe pamanda pake. Ana ake adayamba kuona phindu atagwirizana ndi osunga nyimboyo mu 2006, mlandu utafika kale kukhoti.

Ku America komweko, cha m'ma 1960, a Willie Nelson, asanatchuke, adagulitsa nyimbo yawo ya Family Bible pa madola 50 ndi ya Night Life pa madola 150, pofuna kudyetsa banja. Zonse ziwiri zidatchuka. Koma a Dolly Parton, pamene a Elvis Presley adafuna kuimba nyimbo yawo ya I Will Always Love You, imene idatuluka mu 1974, adakana, chifukwa woyang'anira a Presley, Colonel Tom Parker, ankafuna theka la umwini wake. Pamene a Whitney Houston adaiimbanso mu 1992, idalira dziko lonse lapansi, ndipo gawo la wopeka lidapita kwa mwini wake. Sitingati a Parton adali anzeru ndipo a Linda ndi a Nelson adali opusa, ayi. Mayi uja adali ndi chakudya cha tsiku limenelo, tsono adatha kudikira. Anzake aja adalibe. Ngongole yabwino ntchito yake ndi imeneyi: im'patsa munthu mphamvu yodikira kuti mbewu yake ikhwime.

Njira yake

A Williams amakumbukika chifukwa adali mmodzi mwa oyamba kuphunzitsa banki kulandira ndalama za umwini wa nyimbo ngati chikole. Njira imene amabanki a ku Nashville amatsata pa ngongole zotere si yovuta kuimva. Poyamba wa banki amapempha mapepala a zaka zingapo osonyeza ndalama zimene wopeka walandira ku mabungwe aja ndi ku makampani. Kenaka amasiyanitsa nyimbo imene yangotchuka kumene, imene ndalama zake zimakwera msanga ndi kutsika msanga, ndi nyimbo zakale zimene zimabala pang'onopang'ono chaka chilichonse. Nyimbo imodzi sachezera gule. Chimene wa banki amakhulupirira ndi nkhokwe yonse ya nyimbo za munthuyo. Akatero amakongoza gawo chabe la mtengo wa nkhokweyo, kusiya malo a chaka choipa. Potsiriza wopeka amalemba kalata youza bungwe lotolera ndalama kuti lizitumiza gawo lake ku banki mpaka ngongole itatha. Ikatha, nyimbo zikhalabe za mwini wake ndi ana ake.

Ndi njira imeneyi wopeka amagula nyumba, woimba amagula basi yoyendera ndi gulu lake, ndipo kampani yaing'ono imalipira opeka ake podikira kuti nyimbo zawo zipeze woziimba. Koma kuti munthu akongoze chotero ayenera kudziwa malonda a nyimbo monga mlangizi adziwira munda: kuti ndalama ya wopeka ndi ina, ya woimba ndi ina, ya kampani ndi inanso, ndi kuti iliyonse imafika liti. Apa ndi pamene padali ulemu wa a Williams. Iwo adachoka pa mpando wofewa wa ku likulu la banki, nakakhala pakati pa oimba, naphunzira chinenero chawo, kufikira adatha kufotokozera mabwana awo chifukwa chimene munthu wopanda malipiro a pamwezi angakhalire wokhulupirika pa ngongole.

Mlimi wa fodya akudziwa kale

Tsono tibwerere kuno kwathu, pakuti awerengi a kwa Kabudula aona kale kuti njira imeneyi si yachilendo. Ulimi wa fodya wogulitsa udakhazikika m'chigawo chino pamene a A. F. Barron ndi a R. W. Wallace adatsegula esiteti ya Mbabzi mu 1920, nayamba kugawira mbewu anthu a m'midzi ndi kugula fodya wawo wa chikopa. Boma la atsamunda lidakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926. Titalandira ufulu, chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chimene chidayamba mu 1968 ndi thandizo la World Bank, chidabweretsa misewu, misika, alangizi ndi ngongole za feteleza m'madera ano a kumadzulo kwa Lilongwe, ndipo m'menemo mudakula chizolowezi chokongola m'magulu. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale, amene kale adali wa maesiteti okha, ndipo makalabu adayamba kutumiza mabelo awo ku okushoni ku Kanengo.

Kodi wokongoza feteleza m'mwezi wa Novembala amakhala ataona belo ndi limodzi lomwe? Ayi ndithu. Fodya amakhala akali ku nazale, mvula siinadziwike, mtengo wa ku msika suunadziwike. Chimene chimam'limbitsa mtima ndi zinthu zitatu. Choyamba, mlimi adalembetsa ndipo ali ndi nambala. Chachiwiri, pali maseloshiti a zaka zapitazo osonyeza zimene amakolola. Chachitatu, fodya amagulitsidwa pa khomo limodzi, ndipo pa khomo pomwepo ngongole imadulidwa ndalama zisanafike kwa mlimi. Ndiyo sitopu oda imene aliyense wa kuno amaidziwa. Alimi amene amalima pa mgwirizano ndi makampani, monga zidakhazikitsidwira mu 2012, amadulidwa momwemonso.

Ikani wopeka pamalo pa mlimi, bungwe lotolera ndalama za umwini pamalo pa okushoni, ndi kalata ija pamalo pa sitopu oda, ndipo muona kuti ntchito ya a Williams ndi yomweyi. Ndiponso nyimbo iposa fodya pa chinthu chimodzi. Fodya amafuna nazale, chigafa, feteleza ndi thukuta chaka chilichonse. Nyimbo ikapekedwa kamodzi imabala yokha, ndipo lamulo la dziko lino limaiteteza moyo wonse wa wopeka ndi zaka zina 50 iye atamwalira.

Nanga oimba athu?

Kwa zaka zambiri woimba wa m'Malawi adalibe banki ina koma wogulitsa makaseti. Oimba ankapita ndi nyimbo zawo kwa amalonda monga a O. G. Issa ku Limbe, amene ankazichulukitsa ndi kuzifalitsa m'dziko lonse, woimba n'kumalandirapo gawo lake. Makaseti atatha, ndipo nyimbo zitayamba kuyenda m'mafoni, khomo limenelo lidatsekeka. Lero mnyamata wa pa Nsaru kapena kwaya ya ku Nambuma ikafuna kujambula, ndalama ya situdiyo imachokera kwa mbale wa m'tauni, ku banki m'khonde, ku mbuzi yogulitsidwa, kapena kwa wa katapila. Ndipo woimba wotchuka akadwala, timaona mbale ya chopereka ikuyenda, anthu n'kumafunsana kuti ndalama zake zidapita kuti.

Sikuti nyimbo za kuno sizibala. M'chaka cha 2009 a Lawrence Mbenjere, amene nyimbo zawo zachikhalidwe cha Achewa zidavinidwa m'midzi yonse ya chigawo chino, adalandira ndalama za umwini zopitirira K2.5 miliyoni pa kugawa kumodzi, chinthu chimene chidali chisanachitikepo. M'chaka cha 2020 a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, adaimbanso nyimbo yawo ya Linny Hoo pamodzi ndi a Patience Namadingo, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 idaoneredwa koposa ka 80 miliyoni pa TikTok. Nyimbo yopekedwa kalekale idaphukanso mwini wake ali ndi zaka 90. Munda wotere suyenera kutchedwa mphepo.

Ndipo maziko ena Boma lidayala kale. Lamulo la umwini wa luso la 1989 lidabala bungwe la COSOMA mu 1992, limene ntchito yake ndi kutolera ndalama kwa oliza nyimbo poyera ndi kugawira eni ake. Lamulo latsopano la 2016 lidawonjeza msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo, monga mafoni ndi makompyuta, kuti aluso apezeko kanthu pa nyimbo zimene anthu amakopera okha. COSOMA idathandizanso kukhazikitsa SACCO ya aluso, kuti azisunga ndi kukongozana. Ndiponso lamulo la Personal Property Security la 2013 lidatsegula khomo loti munthu akongole poika chikole cha katundu amene si malo kapena nyumba, ndi kuti chikolecho chilembedwe m'kaundula wa Boma. Chotero nambala ilipo, khomo lotolera lilipo, kaundula alipo. Chimene chikusowa ndi munthu wa ku banki wolimba mtima kuti aphunzire kuwerenga pepala la COSOMA monga awerengera seloshiti.

Zovuta tisazibise

Walira mvula walira matope, ndipo tingachimwire awerengi athu tikapanda kutchula matope a nkhani ino.

Choyamba, msika wathu ngwochepa, ndipo nyimbo zambiri zimayenda popanda kulipira. Mlimi akagulitsa fodya kwa mavenda usiku, wokongoza amadikira pachabe ku Kanengo. Momwemonso nyimbo imene yafalikira m'mafoni mwaulere siipita pa khomo lodulira ngongole. Oimba ambiri a kuno amapeza zambiri pa zoimbaimba za pabwalo, pa maukwati ndi pa kutsatsa malonda a makampani kuposa pa ndalama za umwini, ndipo wa banki ayenera kuwerengera zonsezi pamodzi.

Chachiwiri, ngalande ikhale yoyenda. Ngati nyumba zoulutsa mawu, mahotela, mabala ndi a maminibasi achedwa kulipira ziphaso zawo, bungwe lichedwa kugawa. Ndipo banki siingakongoze pa ndalama imene tsiku lake lobwera silidziwika.

Chachitatu ndi mtengo wa ndalama. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 Reserve Bank idaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, kutanthauza kuti wokongola wamba ankalipira choposa pamenepo. Pa mtengo wotere ngongole yotenga zaka zambiri imasanduka goli. Tsono poyambira pakhale pa ngongole zazing'ono za miyezi yowerengeka, zogulira chida chobweretsa ndalama, osati zogulira ulemu wa pamsewu.

Chachinayi, mtengo wa nyimbo umatha kugwa. Mu 1997 woimba wa ku England, a David Bowie, mothandizidwa ndi katswiri wa zachuma David Pullman, adalandira madola 55 miliyoni poika chikole cha ndalama za zaka 10 za zimbale zawo zakale 25. Anthu atayamba kutenga nyimbo mwaulere pa intaneti, oyesa ngongole a Moody's adatsitsa chikhulupiriro chawo pa ngongoleyo mu 2004. Idabwezedwa ndithu pa nthawi yake, ndipo nyimbo zidakhalabe za mwini wake. Koma phunziro lake n'lakuti wokongoza asiye malo a chilala.

Chachisanu chili kwa ife eni. Akuluakulu a kuno akumbukira ngongole za makalabu za SACA, zimene alimi ankabweza bwino kwa zaka zambiri. Chitachitika chilala cha 1992, ndipo m'nyengo ya kusintha kwa ndale anthu atayamba kuyesa ngongole ngati mphatso, kubweza kudagwa, bungwe lija lidatha, ndipo mu 1994 ntchito yake idapita ku MRFC. Amene adavutika ndi alimi okhulupirika omwe. Oimba oyamba kukongola akadzathawa, adzatsekera khomo onse obwera m'mbuyo mwawo.

Tiwonjeze chenjezo limodzi. Nyimbo za gule wamkulu, za chimtali ndi za mganda zimene tidazipeza si za munthu mmodzi. Lamulo lidaika umwini wa zachikhalidwe zotere m'manja mwa Boma m'malo mwa anthu onse. Munthu asapite nazo ku banki ngati zake. Chikole ndi chimene wapeka yekha.

Chofunika kuchita

Kwa oimba ndi makwaya a m'madera ano tinena izi. Lembetsani nyimbo zanu ku COSOMA, monga mlimi alembetsera fodya wake. Pa kwaya gwirizanani poyera, ndi kulemba, kuti wapeka ndani, nyimbo isanatchuke. Pakuti ikatchuka chibale chimavuta. Ndi mwini situdiyo lemberanani pangano losonyeza kuti nyimbo ndi ya yani. Tsegulani buku ku banki kapena ku SACCO, ndipo ndalama ya paukwati, ya pabwalo ndi ya umwini izidzera m'menemo, kuti patapita zaka zitatu mudzakhale ndi mbiri yoonetsa. Ndipo njala ikakupanani, pinyolitsani zokolola za chaka chimodzi kapena ziwiri, koma munda weniweniwo musagulitse.

Kwa bungwe lotolera ndalama tipempha kuti lizipereka kwa membala aliyense pepala lomveka la zimene walandira chaka ndi chaka, lizigawa pa nyengo zodziwika, ndi kuvomera kudula ngongole pamene mwini wake walemba kalata. Kwa eni mabala, mahotela ndi nyumba zoulutsa mawu tikumbutsa kuti chiphaso cha nyimbo si chilango, koma mtengo wa katundu amene amakopa makasitomala awo.

Kwa mabanki athu tinena mwaulemu kuti kulipirira chisangalalo cha tsiku limodzi ndi kuika chithunzi cha woimba pa chikwangwani n'zabwino, ndipo oimba amathokoza. Koma zimenezo ndi mphatso, ndipo mphatso imatha ndi tsiku lake. Chimene a Williams adapatsa oimba ndi ulemu woyesedwa anthu a malonda. Sipafunika nyumba yatsopano kuti izi ziyambe. Pafunika wantchito mmodzi wachinyamata, wopatsidwa tebulo ndi nthawi, kuti akakhale ku COSOMA, ku masitudiyo ndi ku mabwalo a zoimbaimba kufikira adziwe kumene ndalama ya nyimbo imachokera ndi tsiku limene imafika. Kenaka ayese ndi oimba khumi amene mapepala awo ali bwino. Mu 1988 ku Nashville zidayamba chomwecho.

Mwambo wathu umati pamaliro sitithokoza oimba nyimbo za chisoni okha. Timathokozanso adzukulu ndi amayi a kumaphikiro, amene ntchito yawo siimveka koma popanda iwo mwambo suyenda. A Brian Williams adali wa gulu limenelo. Sitidawadziwe maso ndi maso, ndipo sitidzapita kukaika nkhata pamanda pawo. Koma tsiku limene mnyamata wa kwa Kabudula adzalowe m'banki ku Lilongwe atanyamula mapepala a nyimbo zake, nadzapatsidwa mpando monga apatsidwira wapampando wa kalabu ya fodya, tsiku limenelo tidzakhala titawamangira chiliza choyenera.